Mphunzitsi Wakutali ndi Mbiri ya Pakhomo

Kale mwana anali kuphunzira mbiri ya makolo ace kwa munthu amene anali kumuona ndi maso. Anyamata ankamva za nkhondo ndi za maulendo a mtundu wao pamphala kapena pabwalo, ndipo asungwana ankamva za mibadwo ya kwao pamtondo ndi kukuka kwa ambuya ao. Wonenayo anali wodziwika. Mudzi wonse unkadziwa mfunda wace, unkadziwanso ngati ali munthu woona kapena wokonda kuonjeza nkhani. Akaphonya dzina la mfumu, mnzace wokhala naye pafupi ankamkonza pomwepo, ndipo mwana wosamvetsa anali ndi mpata wakufunsa. Sukulu itafika, mphunzitsi analowa m'malo mwa akulu aja, koma iyenso anali munthu wooneka, woti mwana angathe kumkwezera dzanja.

Masiku ano kwabuka mphunzitsi wa mtundu wina, wosaoneka konse kapena wooneka pagalasi cabe, amene mau ace afika m'nyumba kudzera pa wailesi, pa wailesi ya kanema ndi pa foni ya m'manja. Tsono funso loyenera kulilingalira ndi ili: kodi mbiri ya dziko, ya madera ace ndi ya eni nthaka ingaphunzitsidwe kwa anyamata ndi asungwana a m'makomboni a Lusaka ndi munthu wokhala kutali, wosadziwa maina ao, wosamva mafunso ao? Ndipo ngati ingaphunzitsidwe, kodi mphunzitsi wotereyo ali ndi mangawa anji kwa ana amene sawaona?

Citseko ca sukulu cikatsekedwa

Cakudza siciimba ng'oma. Pa 20 March 2020 Boma la Zambia linatseka sukulu zonse cifukwa ca mliri wa COVID-19. Ana a makalasi a mayeso, ndiwo Giredi 7, 9 ndi 12, anabwerera pa 1 June, koma ena onse anakhala pakhomo kufikira pa 21 September, ndiyo miyezi 6 yathunthu. M'mwezi wa April Unduna wa Maphunziro unayamba kuphunzitsa pa kanema wa ZNBC TV4, nuikanso maphunziro ena pa intaneti ndi pa wailesi. Sukulu zinatsekedwanso mu June 2021, ndipo mu 2024 kolera inaletsa ana kuyamba caka pa 8 January, nawakhazika pakhomo kufikira pa 12 February. Anthu a ku Kanyama, kumene kolera inasautsa koopsa mu 2018, adziwa bwino kuti citseko ca sukulu cingatsekedwenso tsiku lina. Cifukwa cace nkhaniyi si ya caka cimodzi cokha iai.

Komanso kulankhula ndi munthu wakutali si cinthu cacilendo mu Lusaka. Nyumba ya wailesi inayamba kuulutsa mau mumzindamo mu 1941, nkhondo yaciwiri ili m'kati. Mu 1949, mwa khama la Harry Franklin amene anali mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani, kunafika kawailesi ka mapaundi 5 kooneka ngati poto, dzina lace Saucepan Special, ndipo anthu akuda ambiri anayamba kumva nyimbo, nkhani ndi malangizo m'zinenero zao. Mu 1964 maphunziro a m'makalata anayamba pa Evelyn Hone College, nasamukira ku Luanshya pambuyo pace. Mu 2000 kunayamba maphunziro a pa wailesi a Taonga Market, othandiza ana osowa malo m'sukulu. Pamenepo panali nzeru yoyenera kuikumbukira: ana a Taonga sanasiyidwe okha ndi wailesi, koma pa gulu lililonse panali mlangizi wa m'dera lomwelo, amene ankamva mau ocokera kutali nawasandutsa nchito ya ana okhala pamaso pace.

Mu 2020 mlangizi wotere panalibe, ndipo mau a mphunzitsi sanafike m'nyumba zonse molingana. Amati mwa anthu 10 alionse a mu Lusaka, pafupifupi 7 akhala m'makomboni. Kumeneko banja lonse likhoza kukhala m'zipinda ziwiri za lendi. Kanema afuna dikoda ndi magetsi, ndipo magetsi azima nthawi ndi nthawi. Foni ili imodzi, imene amai apita nayo kumsika m'mamawa nabwera nayo usiku, ndipo ndalama yogulira bandulo ya intaneti ndiyo yomweyo yogulira ufa ndi makala. Msungwana akhoza kukhala pamzere wa madzi pa ola limene phunziro lili kuulutsidwa. Limeneli ndi bvuto la maphunziro onse, masamu ndi Cingerezi comwe. Koma mbiri ili ndi bvuto lace lina, limene silingathe ngakhale nyumba iliyonse ya ku George ndi ku Mtendere itapatsidwa magetsi osazima.

Mbiri si masamu

Masamu ndi amodzimodzi kulikonse. Cimene cili coona pa masamu ku Kabulonga cili coonanso ku Kalingalinga, ndipo mwana akalakwa angathe kudziyesa yekha napeza polakwika. Mbiri si yotero. Mbiri ndiyo umboni wa anthu, ndipo ifanana ndi mlandu wa pabwalo: wina anena zimene anaona, wina zimene anamva, wina abisa zimene zimcititsa manyazi, ndipo woweruza wanzeru sagamula asanamve mbali zonse. Kuphunzira mbiri sikuloweza zaka ndi maina kokha, koma kuphunzira kufunsa kuti, “Wanena zimenezi ndani? Anaziona kapena anazimva? Nanga amene anagonja pa nkhondoyo akadanena ciani?” Mnyamata wa zaka 14 kapena 17 ali pa msinkhu weniweni wa mafunso otere, pakuti wayamba kukaika mau a akulu ndi kufunafuna kuti iye mwini ndani.

Koma phunziro la pa wailesi liyenera kukhala lalifupi, lofanana kwa ana onse a m'dziko, ndi lolunjika ku mayeso. Ndiponso pa nthawi ya mliriyo ana a Giredi 8 ndi 9 sanali kuphunzira mbiri payokha, pakuti kuyambira 2014 inali itaphatikizidwa ndi maphunziro a malo ndi a unzika kukhala phunziro limodzi. Mpata ukacepa cotero, mphunzitsi atola zopepuka kunyamula, ndizo zaka, maina ndi mndandanda wa zifukwa. Mwana alandira mlandu wogamula kale, wosamva mboni ngakhale imodzi, ndipo alibe pokwezera dzanja. Coopsa cace ncakuti azolowera kukhulupirira liu lililonse loturuka m'kabokosi, pakuti ndimo m'mene anaphunzirira.

Mbiri ya dziko

Kunena zoona, pali zimene mphunzitsi wakutali acita bwino kopambana mnzace wa m'kalasi. Mbiri ya ufulu wa Zambia ingathe kuonetsedwa ndi zithunzi ndi mau a anthu amene anatsikira kale kumanda. Mwana angaone nkhope ya Harry Mwaanga Nkumbula, amene anatentha pepala la Citaganya mu Lusaka mu 1953. Angamve za Julia Chikamoneka, amene anabvula pamaso pa nduna ya Angerezi Iain Macleod mu 1960 kuti aonetse kuwawa kwa mtima wa amai. Angaone moto wa Cha Cha Cha wa 1961 ndi mbendera yatsopano ya pa 24 October 1964. Mphunzitsi wa sukulu ya m'komboni, wokhala ndi coko ndi buku limodzi la ana ambiri, sangathe kuonetsa zimenezi. Pamenepa makina ayenera kuyamikidwa.

Komatu mbiri ya dziko si ya cikondwerero cokhacokha. Mu 1964 momwemo, miyezi yowerengeka ufulu usanafike, anthu oposa 700 anafa pa kulimbana kwa asilikali a Boma ndi mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina. Kuyambira 1973 kufikira 1991 dziko linali la cipani cimodzi, ndipo mu June 1990 anthu anaphedwa m'misewu ya Lusaka pa cipolowe ca kukwera kwa mtengo wa ufa. Nkhani zotere zifuna mphunzitsi woona nkhope za ana, cifukwa pa benci limodzi pangakhale mdzukulu wa msilikali ndi mdzukulu wa woomberedwa. Liu lolankhula kwa dziko lonse nthawi imodzi, makamaka likamaturuka m'nyumba ya wailesi ya Boma, liopa kukhumudwitsa, ndipo kawirikawiri lilumpha pamene pali minga. Mwana atsala ndi mbiri yosalala ngati cikomekome ca nkuyu.

Palinso cina. Liu lakutali licititsa mbiri kuoneka ngati inacitika kutali. Mwana wa ku Matero amva za cipani ca UNIP pa kanema nayesa kuti zinacitikira ku maofesi akuluakulu a m'tauni, osadziwa kuti nyumba ya nambala 3144 ku Matero komweko inali likulu la cipanico m'zaka zace zoyamba, ndi kuti Kenneth Kaunda anakhala m'kanyumba ka nambala 394 ku Chilenje kuyambira 1960 kufikira 1962. Ufulu unakonzedwa m'tinyumba tofanana ndi kamene iye agonamo. Mphunzitsi amene alephera kumuuza zimenezi wamlanda cinthu cacikuru, ndico cidziwitso cakuti anthu onga makolo ace angathe kutembenuza dziko.

Mbiri ya madera

Komboni ndi pokomanira mitsinje yonse ya Zambia. Pa bwalo limodzi la nyumba za lendi ku Chawama pakhoza kukhala Mngoni, Mtonga, Mbemba, Mlozi ndi Mnsenga, ndipo ana ao onse aseŵera m'Cinyanja ca m'tauni. Ambiri a anawo sanaoneko kumudzi kwa makolo ao. Mwana wa Angoni angakule wosamva kuti makolo ace anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu November 1835 tsiku limene dzuwa linada masana, kapena kuti Nsingo mwana wa Mpezeni anaomberedwa ndi Angerezi mu 1898, kapena kuti mwambo wa Nc'wala unaleka kwa zaka zambiri nuukanso mu 1980. Mwana wa Acewa angaone Kulamba kwa ku Mkaika pa kanema nayesa gule cabe, osazindikira cifukwa cace mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique adza kudzagwada kwa Kalonga Gawa Undi ngati malire a maiko kulibe.

Ngakhale magetsi amene ayatsa kanema wa phunzirolo ali ndi mbiri ya dera lina. Mbali ya magetsi a Lusaka icokera ku Kariba, ndipo kuti dziwe limenelo likhalepo, Atonga okwana ngati 57,000 a tsidya lino ndi tsidya lija la Zambezi anasamutsidwa m'cigwa ca Gwembe, nasiya minda ndi manda a makolo ao pansi pa madzi. Mu September 1958 apolisi anapha amuna 8 pa mudzi wa Chisamu, mwa anthu a Mfumu Chipepo amene anakana kusamukira ku Lusitu. Cilala ca 2024 citaphwetsa dziwelo, makomboni anakhala mumdima maola oposa 17 masiku ena. Mwana amene adziwa kumene kuunika kwa m'nyumba mwao kucokera ndi amene anakulipira, adzayang'ana mnansi wace wa Citonga ndi maso ena.

Alipo anthu anzeru amene aopa mbiri yotereyi. Iwo ati dziko la mitundu 73 linamangidwa pa mau akuti Zambia ndi mmodzi ndi mtundu uli umodzi, ndipo kukumbutsa ana za nkhondo za mitundu ndiko kukolezera moto wozima kale. Manthawo si acabe. Koma sukulu ikakhala cete, foni sikhala cete. Foni yomweyo imene ibweretsa phunziro ibweretsanso Facebook ndi WhatsApp, kumene anthu osadziwika anyoza mitundu ya anzao, makamaka nyengo ya masankho. Mwana wosaphunzitsidwa mbiri ya mitundu adzaiphunzira ndithu, koma kwa onyoza. Ndipo makolo anasonyeza kale njira ina. Angoni ndi Abemba anathirana nkhondo kale, koma lero ali pa cimbuya: asekana, apakana ufa pa maliro, nathandizana kuika akufa ao. Sanaiwale nkhondoyo, koma anaikumbukira mwa njira yobala ubale.

Eni nthaka

Pansi pa mbiri ya dziko ndi ya madera pali mbiri ina imene imveka pang'ono koposa zonse, ndiyo ya anthu amene mzinda unawapeza. Njanji itafika mu 1905, siteshoni inapatsidwa dzina la nyakwawa Lusaaka, amene mudzi wace amati unali pafupi ndi Manda Hill, pamene pali Nyumba ya Malamulo lero. Mu 1935 likulu la dziko linacoka ku Livingstone kudza kumeneko. Dzikolo linali la Asoli ndi Alenje, ndipo mabuku omwe sagwirizana za Lusaaka mwini wace, pakuti ena amuyesa Msoli ndi ena Mlenje. Asoli alipo kufikira lero pansi pa Mfumu yaikuru Nkomeshya, ndipo caka ndi caka acita mwambo wa Chakwela Makumbi ku Chongwe, wopempha mvula. Koma minda yao yambiri inasanduka mafamu a Azungu, ndi mafamuwo anasanduka mzinda.

Zinenero 7 ndizo zinasankhidwa kuti zimveke pa wailesi ya dziko ndi m'sukulu: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cilunda, Ciluvale ndi Cikaonde. Cinenero ca Asoli ndi ca Alenje mulibe m'menemo. Motero mwana wa Cisoli aphunzira m'Cinyanja ndi m'Cingerezi pa nthaka ya makolo ace, ndipo mphunzitsi wakutali alibe ola la cinenero cace. Olankhula Cinyanja, amene cinenero cao cadzaza misika ndi mabasi a Lusaka, ayenera kukumbukira kuti nawonso anafika ngati alendo. Ndipo Asoli ndi Alenje omwe anapeza ena. Pa Kapwirimbwe, kum'mawa kwa mzinda, David Phillipson anafukula mbiya ndi zotsala za osula citsulo a zaka ngati 1,500 zapitazo. Ndipo Abatwa, amene nthano za Acewa ziwachula Akafula, mbumba yao ikali m'madambo a Kafue ndi a Lukanga. Phunziro lace ndi lakuti palibe mtundu umene unamera m'nthaka ngati bowa. Wofika poyamba ayenera ulemu, ngakhale sapatsidwa mphamvu yakupitikitsa mnzace. Ndipo wofika pambuyo ali ndi mangawa akudziwa dzina la amene anamlandira.

Makomboni nawonso ali ndi mbiri yao, yolembedwa m'maina ao. George anatenga dzina la George Hadjipetrou, mwini malo amene anali kuumbitsa njerwa. Chawama poyamba inali komboni ya Roberts. John Laing ndi dzina la kampani yomanga, Marrapodi ndi la Mtaliyana wotentha laimu, ndipo Misisi ndi mau aulemu oitanira dona amene anali mwini famuyo. Maina amenewa akumbutsa nthawi imene munthu wakuda anayesedwa mlendo m'tauni, woyenda ndi citupa, wogona pa malo a bwana wace. Matero inamangidwa ndi khonsolo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, ndipo Mtendere inatsegulidwa mu 1967 kuti ilandire anthu ocokera ku Kalingalinga ndi kwina, cinkana ambiri anakana kucoka. Lamulo la 1974 ndilo linabvomereza makomboni ena, nilipatsa anthu cilolezo ca zaka 30 cokhala pa malo ao. Ndipo George ndi Chawama zinalandira misewu ndi mipopi ndi ngongole ya World Bank. Zonsezi anaziona ndi maso anthu amene ena a iwo akali moyo.

Mangawa a mphunzitsi wakutali

Apa ndipo pali yankho la funso lija. Sukulu ikatsekedwa, mwana atalikira mphunzitsi, koma ayandikira mbiri. Tsiku lonse ali pakhomo pamodzi ndi ambuya amene anafika ku George kukali chire, ndi mwini nyumba amene anaumba yekha njerwa zace, ndi nkhalamba ya pa kantemba imene inatentha citupa cace mu 1961. Akulu ndi m'dambo mozimira moto. Cifukwa cace nchito yoyamba ya mphunzitsi wakutali si kuthira nzeru m'mutu wa mwana monga madzi m'mtsuko, koma kumtuma. Mau ocokera kutali akhale onga mthenga amene afika pakhomo nati, “Pita ukafunse.” Pamenepo mlangizi uja wa Taonga wapezekanso, ndiye wokalamba wa m'nyumba momwemo.

Kutuma kotere sikufuna magetsi a tsiku lonse kapena foni yodula. Funso limodzi lomveka pa wailesi, kapena lotumizidwa pa foni ya amai, kapena lolembedwa pa pepala lopacikidwa pa cipata ca sukulu, likwanira sabata yathunthu. Mwana atenge pensulo ndi kope, akhale pansi mwaulemu, nafunse kuti, “Ambuya, munafika liti kuno, ndipo munapeza ndani? Madzi munali kutunga kuti? Nanga dzina la malo ano linadza bwanji?” Kwa mnansi wa mtundu wina afunse kuti, “Atate, kwanu nkuti, ndipo cinakucotsani nciani?” Mwana wotumidwa cotero aphunzira zinthu ziwiri pamodzi, ndizo mbiri ndi ulemu. Ndipo wokalamba amene anayesedwa katundu m'nyumba yopanikiza apezanso malo ace.

Koma kutuma kokha sikukwanira, pakuti nawonso akulu aiwala, akometsa mbali yao, nasokoneza zaka. Mangawa aciwiri a mphunzitsi ndiwo kuphunzitsa mwana kuyesa umboni. Afunse anthu awiri kapena atatu za cinthu cimodzi, nalembe pamene agwirizana ndi pamene asiyana. Alinganize mau a ambuya ndi a m'buku, ndipo akasiyana asafulumire kunena kuti buku ndilo loona, kapena kuti ambuya ndiwo oona, koma afunse cifukwa ca kusiyanako. Nkhani ya Lusaaka, Msoli kapena Mlenje, ndi poyesera pabwino, pakuti mwana aona kuti ngakhale dzina la likulu la dziko lili ndi mboni zotsutsana. Amene wazolowera kuyesa mau a ambuya ace, amene awakonda, sadzameza msanga mau a munthu wosadziwika wa pa foni. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mangawa acitatu ndiwo kumvera. Njira yopita kokha yosabwera si njira ya maphunziro. Zimene ana apeza ziyenera kubwerera kwa mphunzitsi, kapena pa foni, kapena m'makope osiyidwa kusukulu, kapena tsiku lotsegulira; ndipo zina ziwerengedwe pa wailesi, kuti wa ku Kanyama amve za ku Mtendere ndi wa ku Matero amve za Asoli a ku Chongwe. Samuel Ntara sanaipeze m'mabuku a ku Ulaya mbiri ya Acewa imene anaisindikiza m'zaka za m'ma 1940, koma inasonkhanitsidwa pakamwa pa okalamba a m'midzi. Ana zikwi zambiri a m'makomboni, yense ndi kope lace, angathe kusonkhanitsa mbiri ya Lusaka imene wophunzira mmodzi sangaithe pa moyo wace wonse.

Pali malire amene mphunzitsi ayenera kuwalemekeza. Si zonse za makolo zoyenera kuulutsidwa. Za kudambwe ndi za kucinamwali zili ndi eni ace ndi nthawi yace, ndipo wailesi ilibe citseko cosankha womva. Wokalamba wina ali ndi cilonda cimene safuna kucikanda, monga imfa ya mwana pa cipolowe kapena kugwetsedwa kwa nyumba yace, ndipo ali ndi ufulu wakukhala cete. Mwana aphunzitsidwe kupempha cilolezo asanalembe dzina la munthu, ndi kubwerera kukamwerengera zimene walemba. Mbiri yotengedwa mwacinyengo isiyana pang'ono ndi malo otengedwa mwacinyengo.

Tsobola wakale

Kholo lina lidzati: mayeso safunsa za George Hadjipetrou, ndipo tsobola wakale sawawa, mwana aloweze zimene zidzampatsa setifiketi. Kholo limeneli liyenera kumveredwa, cifukwa setifiketi ndiyo khasu la mwana wa m'tauni. Koma mwana amene wamva kwa ambuya ace za citupa ndi za kugulira nyama pa kazenera ka sitolo sadzabvutika kukumbukira zifukwa za nkhondo ya ufulu pa tsiku la mayeso, pakuti zakhala nkhani za kwao. Ndiponso tsobola wina wakale akali kuwawa. Kanyama inamira m'madzi mu 1978, ndipo imirabe mvula ikacuruka, cifukwa ili pa thanthwe la laimu losalala pamene madzi a pansi ali pafupi, ndipo zimbudzi ndi zitsime zosaya zithirana. Madzi saiwala khwawa. Mnyamata wodziwa cifukwa cace anthu anamanga pa malo otere, ndi amene anawamana malo ena, sadzayesa kolera tsoka lakugwa kumwamba, ndipo akadzakula adzadziwa cofunsa kwa khansala wace.

Nthawi nayonso siyembekeza. Munthu amene anali ndi zaka 18 pa tsiku la ufulu anali ndi zaka 74 pamene sukulu zinatsekedwa mu 2020, ndipo mliri womwewo unakantha okalamba koposa ena. Kenneth Kaunda anamwalira pa 17 June 2021 ali ndi zaka 97, koma za iye zinalembedwa m'mabuku ambiri. Amai amene anaphikira omenyera ufulu ku Matero, ndi amuna amene anakumba ngalande zoyamba za Chawama, alibe buku. Caka ciliconse cimene ana apenyetsetsa pagalasi osatembenukira kwa wokhala pa mpando wa pakhomo, mboni zina zipita osafunsidwa. Safunsa anadya phula.

Tsono mbiri ingaphunzitsidwe ndi munthu wakutali, koma pokhapo iye atadziwa kucepa kwace. Akadziyesa kasupe wa nzeru zonse, adzalera ana oloweza ndi okhulupirira kabokosi, odziwa za Bismarck ndi za Cecil Rhodes koma osadziwa amene anawalandira pa nthaka imene aponda. Akabvomera kukhala mthenga, wotuma ana kwa akulu ao, wowaphunzitsa kuyesa mboni, ndi womvera zimene abwera nazo, kutalika kwace sikudzakhala coipa. Boma lili ndi mbali yace, ndiyo kufikitsa magetsi, mawailesi ndi mapepala ku makomboni, ndi kupatsa Asoli, Alenje ndi Abatwa malo m'maphunziro a dziko. Makolo ali ndi mbali yao, ndiyo kuyankha mwana akafunsa, osampitikitsa. Ndipo muyeso wa phunziro la mbiri la pa wailesi ndi uwu: kodi litatha, mwana anazima wailesi nagona, kapena anauka napita kukakhala pansi pa mapazi a ambuya ace?